Mapepala Obooka a Tisa

Ndine amai ako a kwa Kalindawalo, zaka zanga akuti zapyola makumi asanu ndi awili. Akundilembela ndi akatekisiti athu.

Lameki mwana wanga, muli bwanji ku Kitwe ndi apongozi anga ndi ana? Kuno tili bwino, chovuta ndi bondo lija basi.

Tisa, mwana wa mlongo wako, anabwela pa holide kuchokela ku Lusaka. Ndikusesa, ndinapeza m'katoni yake mapepala olimba, onse ali mabowo okhaokha. Ndinati anankafumbwe amuonongela sukulu. Ndinawathila phulusa monga tichitila nyemba, n'kuwayanika padzuwa.

Atabwela kuchitsime anafuula, "Ambuya, mwandipha!" Kenaka anaseka mpaka kukhala pansi. Anakuntha pepala limodzi, analikweza kudzuwa, n'kuyamba kuwelenga mabowo aja. Akuti ndi mau ouza makina otchedwa kompyuta, aakulu ngati nkhokwe, ndipo makinawo amamvela.

Ndinafunsa, "Nanga akadwala?"

Iye anati, "Ndiyo nchito ndifuna, ambuya, kuwatsegula m'mimba ndi kuwakonza."

Kamwana kamene ndinabeleka kumbuyo, lelo kakuwelenga pamene palibe chilembo!

Ndamva kuti iwe ufuna akhale nesi, ndipo popanda mau a malume wake sangapitilize maphunzilo a makinawa. Ndakugwila mwendo, umulole. Pepala limodzi ndaika m'kalatamu, likali ndi phulusa langa. Ukatha kuliwelenga, umukanize.

Mulungu akusungeni nonse. Undiyankhe msanga, asanabwelele ku Lusaka.