Ahedi Akufuna Kubwerera ku Ng'oma

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha, ndiye mundipirire nkhani ikamadumphadumpha. Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, hedi wa sekondale ina. Ana akamva nsapato zanga pakhonde, kalasi yonse imangoti zii. Palibe angakhulupirire kuti ku koleji ndinkaimba ng'oma m'bandi ya ophunzira, nditavala jinzi yong'ambika m'mawondo.

Mwezi wathawu ndinapita kukazulitsa dzino. Dokotala atandiyang'anitsitsa anatsitsa kansalu kapamphuno n'kunena kuti, "Iwe, si Gudugudu iwe?" Aphungu, dzina limenelo ndinalimva komaliza mwana wanga woyamba asanabadwe! Anali mnzanga amene tinalowa naye koleji chaka chimodzi. Ndinamukumbatira thonje lili m'kamwa. Tsiku lomwelo anandilowetsa m'gulu la pafoni la anzathu akale, ndipo kuyambira pamenepo mutu wanga sunabwerere m'malo.

Tamvani mmene moyo wawachitira anthu. Botolo, amene tinkachita kumunyamula pomubweza ku hositelo ataledzera, ndi m'busa, m'mawa uliwonse amatitumizira vesi. Tulo ankaliza mkonono m'kalasi, lero ndi amene amagonetsa odwala akamapita ku opaleshoni. Bubu, mtsikana amene sitinkamudziwa ndi mawu omwe, ndi loya, akayamba kulankhula foni imachita kutentha. Amene ankakhoza kuposa tonsefe anatsanzika ofesi, akuweta nkhumba, ndipo pazithunzi ndi iyeyo amene akuoneka mwana. Ena anatisiya kale. Titamva kuti mtsikana amene ankatsogolera nyimbo m'bandi yathu anamwalira osatidziwitsa ndi kudwala komwe, gulu lonse linakhala chete tsiku lathunthu.

Amene anaswa batalo ndi Nsambo, woimba gitala wathu, yemwe anapuma ntchito ku banki. Analemba kuti, "Anthu inu, zida zikungodya fumbi m'galaja mwanga muno. Tikudikira ndani winanso achoke?"

Loweruka lotsatira tinali m'galajamo: mimba, imvi, magalasi amaso. Woimba gitala ya besi anapempha mpando chifukwa cha msana. Ine ndinakhala pa ng'oma, ndipo nditangogwira timitengo, manja anakumbukira okha zimene mutu unaiwala. Tinaimba mpaka aneba anasuzumira pampanda. M'mawa mwake ndinalephera kunyamula kapu ya tiyi, koma ndinkangomwetulira ngati ndapambana chikho.

Panopa zandilowa m'magazi. Pa msonkhano wa aphunzitsi ndinapezeka ndikumenya tebulo ndi zolembera, mpaka wachiwiri wanga anafunsa kuti, "Madamu, pali chimene talakwa?" Mnzathu wina amene ali ndi hotela akuti tiziimba kwake kumapeto kwa sabata iliyonse. Nsambo akukamba zojambula nyimbo ndi kuyenda m'mizinda. Ine ndikufuna ndipume ntchito msanga ndilowe m'bandi ndi miyendo yonse.

Bambo a kunyumba, amene amagulitsa mankhwala m'famase, anati, "Amayi, kuimba imbani, koma ntchito yokhayo ayi. Nanga bwanji foni ikangolira mukumathamangira nayo kuchipinda?" Mwana wanga wamkazi ndiye anachita kugwira pamutu: "Amama, mukangotuluka pa vidiyo, ine ndikusintha dzina."

Pali kanthu kamodzi kamene bambowo sakudziwa. Nsambo anali chibwenzi changa ku koleji, ndipo panopa banja lake linatha. Palibe chachitika, ndikunenetsa. Kungoti tsiku lina tikulongedza zida anandiuza kuti, "Ukakhala pa ng'omapo, zaka zonsezi zimakuthawa." Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu.

Aphungu, ndisiye ntchito? Kapena ndasokonezeka?

E.G.M.
(tawuni ndabisa, ana asukulu angandizindikire)

A Gudugudu,

Ndikuitanani ndi dzina limeneli dala, chifukwa ndi amene andilembera kalata, osati ahedi. Simunasokonezeke. Mwakhala zaka zambirimbiri mukukhazika ana chete, ndiye n'zosadabwitsa kuti phokoso lanu lomwe linali litakusowani. Ng'omazo musazisiye. Za mwana wanuyo musadandaule nazo, vidiyo ikadzatuluka ndi iyeyo adzayambe kuitumiza kwa anzake.

Koma kalata yosiyira ntchito musalembe mwezi uno, kapena wamawa. Bandi yanu yakumana kangati? Simunakanganepo, palibe amene wajomba chifukwa cha shuga kapena ukwati wa mdzukulu, ndipo simunaimbirepo anthu amene sakukudziwani. Vomerani za ku hotelazo, koma muyambe ndi kamodzi pa mwezi. Muimbe choncho mpaka chaka cha sukulu chithe, ana a mayeso amene akukudalirani muwafikitse kumapeto. Chikadzatha chakacho manja akadali kuyabwa, pitani mukafunse bwinobwino zimene mungataye mukapuma msanga, kenako mukhale pansi ndi bambo a kunyumba muone limodzi. Ng'oma sizithawa, koma pampando wa uhedi mukangodzukapo wina amakhalapo tsiku lomwelo.

Ndipo musamachite kubisa kusukulu ngati ndi mlandu. Pali ana pamenepo amene akumenya madesiki chifukwa alibe ng'oma. Ayambitsireni kalabu ya nyimbo, muone mmene angakuthamangireni.

Tsopano tibwere kwa Nsambo, poti mwamuika kumapeto kwa kalata ngati kankhani kakang'ono pamene inu ndi ine tikudziwa kuti si kakang'ono. Mwati palibe chachitika, ndipo ndakukhulupirirani. Koma mayi amene alibe chobisa sathamangira kuchipinda ndi foni. Dzifunseni moona mtima: bandiyi ikanakhala yopanda woimba gitala ameneyu, mukanafunabe kusiya ntchito? Mwina amene mwamusowa si Nsambo ayi, ndi mtsikana wa jinzi yong'ambika uja, ndipo ameneyo mungamupeze popanda kugwetsa banja.

Bambo a kunyumbawo sanakuletseni kuimba, zimene amuna ambiri akanachita. Iwo anakwatira ahedi, Gudugudu sanamuonepo. Atengeni Loweruka likudzali, muwapatse mpando m'galajamo, aone mkazi wawo akutuluka thukuta pa ng'oma. Zolongedza zida awiriwiri zithe, ndipo mauthenga a Nsambo muziyankha pagulu, pamene m'busa Botolo akuona.

Chenjezo langa ndi ili: za chibwenzi chakalecho muwauze bambowo nokha, sabata ino, muli kuseka pabalaza panu. Gulu lanulo lili ndi anthu ambiri amene anakuonani mutagwirana manja ku koleji, ndipo anthu achikulire akasangalala pakamwa sipatsekeka. Akamva kwa inu idzakhala nkhani yakale. Akamva kwa wina idzakhala nkhani ya lero.

Aphungu