Khosi la kadzidzi wa mushedi

[07:38] Noel: 📷 chithunzi

[07:39] Noel: kadzidzi uja amagona mushedi yometera nkhosa. ndamupeza pansi, wagunda windo. khosi lathyoka

[07:41] Lachie: adadi chithunzichi ndi chala chanu

[07:42] Noel: iwe usandiseke. chifuwa chaloza kukhomo, nkhope yaloza kumsana. chamoyo chimakhala choncho?

[07:42] Lachie: akupuma?

[07:43] Noel: akuphethira. ndiye zondiwawazo

[07:44] Lachie: @Bron sisi tabwera, dokotala wa ziweto ndiwe, ndi zako izi. ine kumgodi kuno ndimadziwa miyala basi

[07:50] Noel: Bron

[07:58] Noel: mwanayu foni anaigulira chani

[07:59] Lachie: mwina ali mu opareshoni. dikirani kaye

[08:01] Noel: nkhosa ikathyoka msana sindidikira munthu. chiweto sachisiya chikuvutika. mbewa zonse zamushedi amandithera ndi iyeyu, ndimuthokoze pomuonerera?

[08:02] Lachie: ndye mutani

[08:02] Noel: fosholo. kamodzi basi, samva kanthu

[08:03] Lachie: adadi pls. imwani tiyi kaye

[08:03] Lachie: adadi?

[08:05] Lachie: 📞 sanayankhe

[08:06] Lachie: atsikira kushedi. kulibe netiweki uko, mpaka akwere pa thanki ya madzi

[08:31] Bron: ndinali ndi galu wameza sokosi, kwagwanji

[08:32] Bron: ADADI AYI

[08:32] Bron: SILINATHYOKE

[08:32] Bron: 📞 sanayankhe

[08:33] Bron: 📞 sanayankhe

[08:35] Bron: 🎤 0:24 "adadi ndapota nanu, ikani fosholo pansi. kadzidzi maso ake sayenda ngati athu, ndiye amatembenuza mutu wonse, mpaka kumsana n'kupitirira. mafupa a m'khosi ali nawo folotini, ife seveni. wangochita chizungulire ndi windolo. mumuike mukatoni, mufunditse thaulo, basi."

[08:36] Bron: Lachie iwenso, zimenezi osadziwa?

[08:36] Lachie: ndimayesa nza m'makatuni

[08:37] Bron: mutu ngati mwala wakumgodi konko

[08:37] Lachie: zkm sisi

[08:49] Bron: sakuwerenga. mtima wanga uli m'mwamba ine

[08:50] Lachie: ukuwadziwa. akati achita, achita

[08:50] Bron: usatero

[09:14] Noel: ndakwera pa thanki

[09:14] Bron: MWATANI

[09:14] Lachie: adadi nenani

[09:17] Noel: akulemba...

[09:19] Bron: kulemba ndi chala chimodzi kuja. ndifa ine

[09:21] Noel: 🎤 0:41 "ee, ndamva uthenga wako. koma pamenepo n'kuti zitachitika kale. paja agogo anu anandiphunzitsa kuti chiweto pochipha umachidzera kumbuyo, chisakuone ukubwera. ndiye ndazungulira kumbuyo kwake. wandiyang'ana. ndapita mbali inayo. wandiyang'ana. ndanyang'ama kuseri kwa mabelo a ubweya, kutulukira uko, maso ali pa ine, thupi osasuntha olo pang'ono. ndazungulira, ndazungulira, mpaka chizungulire chagwira ine, ndakhala pansi."

[09:22] Lachie: kkkkkkk ayi

[09:22] Bron: ALI MOYO KAPENA AYI

[09:23] Noel: ali moyo. mbalame imeneyi ilibe kumbuyo

[09:23] Bron: 😭😭

[09:24] Lachie: ndye munthu wamkulu kuvina mozungulira kadzidzi ndi fosholo m'manja, popanda wojambula. dziko nlokondera

[09:25] Noel: ukauza ometa nkhosa, pa khirisimasi ukadyera kumgodi

[09:26] Bron: katoni adadi. boolani timabowo. madzi musamupatse. ndibwera ndikaweruka ndidzamuone

[09:27] Noel: thaulo ndamufunditsa kale. la alendo lija

[09:27] Bron: kkk chabwino

[09:29] Bron: koma adadi. akanapanda kutembenuka?

[09:33] Bron: adadi

[09:40] Noel: zaka zonsezi palibe chiweto chinandiyang'anapo m'maso pochipha. sindinkachipatsa mpata

[09:41] Noel: bwera msanga mwanawe