Mbale ya Nicanor Ikutha Kukoma

Chula Vista, Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Nicanor,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kozizira kwanuko. Kuno tilipo ndithu. Amayi mawondo ndi omwe aja, maso nawonso akunka nachita mdima, koma pakamwa pokha sipanakalambe. Alamu ako a Rigoberto akungonenepa. Malo athu odyera akuyenda bwino.

Ndalemba papepala ngati munthu wakale chifukwa foni yako inkangoitana osayankhidwa, ndipo pano yasiya ndi kuitana komwe. Ku ofesi ya boti lanu anandiuza kuti ndisadandaule, akuti nyengo yogwira nkhanu panyanja ku Alaska ndi mmene zimakhalira. Ndikudandaulabe. Werenga mpaka kumapeto, ndipo usandiseke.

Pa Tsiku la Akufa tinakonza guwa la Ababa pakona paja pafupi ndi firiji. Tinaika maluwa achikasu, makandulo, buledi, ndi mbale yawo ya chipisi. Ndinakazinga ndekha, kawiri, monga anatiphunzitsira kuti chisamafewe pansi pa tchizi. Pamwamba nyama yowotcha, mapeyala, kirimu, zonse mmene ankakondera.

Chinavuta ndi chithunzi. Chija timaika chaka chilichonse chinanyowa denga litadontha, ndiye Amayi anachotsa cha kukhitchini, chija Ababa aima pa chiwaya atakugwira paphewa. Ndinawauza kuti munthu wamoyo saikidwa paguwa, ngakhale mwana amadziwa. Anandiyankha kuti, "Iwe, ndinayamba kukonza guwa usanamere mano. Usandiphunzitse." Anapinda mbali yako kumbuyo n'kuchiimika.

M'mawa ndinapeza chithunzi chatambasuka, iwe ukumwetulira pakati pa makandulo. Ndinachichotsa msanga osauza munthu.

Mbale ya Ababa inali itatha kukoma, monga zimakhalira akabwera kudzadya. Umalawa ngati ukutafuna katoni yonyowa. Zimenezo sizinatidabwitse, tinangoti afika bwino.

Koma pali chimene sukudziwa. Chichokereni iwe, masana aliwonse Amayi amakonza mbale yako n'kuiika patebulo la pawindo lija. Tsabola wambiri, tchizi wopserera m'mbali, yopanda kirimu. Imakhala pamenepo mpaka a Rigoberto abwere kuchokera kugalaja, n'kuidya. Ndinkawaseka Amayi kuti akunenepetsa mkamwini m'dzina la mwana.

Tsiku lomwe ndinachotsa chithunzi lija, a Rigoberto anatafuna kawiri n'kufunsa kuti, "Mwayamba kuumira tsabola kodi?" Tsabola anali mulu pamaso pawo, Nicanor. Ndinalawa. Ankangomveka kuthethetheka m'mano basi, osawawa ngakhale pang'ono.

Ndinaganiza kuti ndagula tsabola wabodza. Mawa lake ndinakonza mbale ziwiri kuchokera m'chiwaya chimodzi, ina ya kasitomala, ina yako. Kasitomala anatuluka thukuta mpaka kupempha madzi. M'mbale yako tsabola sankamveka n'komwe.

Kenako kunachoka kukoma kwa nyama. Patapita masiku kunachoka kwa mapeyala. Ndasintha mafuta, ndasintha tebulo, ndasintha ndi mbale yomwe. Tsiku lina ndinakonza mwakachetechete, osatchula dzina lako, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndi yako, ndipo inatuluka chimodzimodzi. Fungo limakhalapo ikamachoka pamoto. Ikangofika patebulo limazimiririka, ngati pali munthu wawerama pamenepo akulikoka ndi mphuno.

A Rigoberto, amene amadya ngakhale zotsala za dzana, anakankha mbale n'kunena kuti, "Iyi ine ayi. Ili ndi mwini wake." Pano amadyera kugalaja.

Dzulo ndinawauza Amayi zoti chithunzi chinatambasuka. Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anangotenga chipisi chimodzi pambale yako, n'kutafuna nthawi yaitali akuyang'ana pampando wako. Kenako anati tchizi ukumvekabe patalipatali, ndi mchere. Anati akufa amadya zonse tsiku limodzi, saluma pang'onopang'ono chonchi. "Uyu sanafike," anatero. "Akadali m'njira."

Ndinawafunsa kuti m'njira yopita kuti. Anakatenga juzi yako yakale ija n'kuikoleka pampandopo.

Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Umandidziwa, ine ndi amene ndinkaba buledi wa paguwa tili ana, iwe ukulira kuti malemu Agogo atibwerera kutulo. Sindinkakhulupirira zambiri. Koma manja angawa akhala akukazinga chipisi moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti cholakwika sichili m'chiwaya.

Ndiye ndikukupempha. Boti likangofika padoko, tsika. Usabwererenso panyanja chaka chino, nkhanu zisiye. Bwereka foni ya aliyense, undiimbire, unditukwane kuti ndapenga, ndisangalala. Ukabwera ndidzakuwotchera tchizi mpaka ude, ndipo sindidzanenanso kuti umadya ngati galimoto yotaya zinyalala.

Chithunzi chija ndachidula ndi sizasi. Mbali ya Ababa ili m'kabati, yako ndimayenda nayo m'thumba la epuloni, pamene pamatentha.

Upereke moni kwa azakhali a Chayo ku Kodiak, amene ndawapempha kuti akusungire kalatayi, ndi kwa ana awo onse. Amayi akuti uzivala masokosi awiri mophatikiza. Mulungu akusunge, akubweze kwathu ndi miyendo yako.

Ndine mlongo wako,
Eulalia

Ndatsegulanso envelopu. Masana ano tchizi wasiya kumveka, watsala mchere wokha. Wachuluka moti ndalavula, ndipo chipisi chonse chanyowa pansi. Nicanor, lero sindinathire mchere.