Mbatata Imene Ndinabisa mu Supu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mayi wokalamba uja ndimamusamalira kuno kunyumba ya okalamba, wa bedi la pawindo, wamwalira Lachiwiri. Pali chimene ndinamuchita, ndipo sindinauze munthu.

Mayiyu anali wa chipembedzo cha Chijaini. Sankadya chilichonse chokumbidwa pansi, ati pozula umapha chomera chonse ndi tizilombo ta m'dothi. Anandiuza kuti kusapweteka chamoyo ndiye dharma, njira imene anaitsata zaka makumi asanu ndi atatu. Ine ndinkaseka chamumtima.

Atayamba kuwonda mpaka mphete kumavuka yokha, makani anga aja mumawadziwa anandipeza. Ndinaphika mbatata, n'kuinyenya bwinobwino, n'kuisakaniza mu supu wake. Analawa kamodzi, nandiyang'ana, n'kubweza supuni. Kuyambira tsikulo sanalandirenso chakudya cha m'manja mwanga, ankadikira mwana wake wamkazi madzulo.

Ndinafunsa anzanga mozungulira ngati kuchita zotere n'kulakwa, ngati nkhani ya munthu wina. Dokotala wathu, wa chipembedzo cha Chihindu, anati dharma ndi udindo wa munthu pamalo pake, ndipo wosamalira odwala udindo wake ndi kudyetsa. Wophika, wa chipembedzo cha Chibuda, anati kwawo dharma ndi chiphunzitso cha Buda, ndipo chimayang'ana cholinga cha mumtima. Onse awiri anandipepuza osadziwa, koma mayiyo ankangotembenukira kukhoma ndikalowa ndi mbale.

Lolemba, loti mawa lake amwalira, mayiyo anandiitana. Ndinati lero ndiye ndilandira mawu anga. Koma anandigwira dzanja, n'kundipempha kuti ndimukhululukire ngati anandivutitsa m'mawu kapena m'maganizo, makamaka pondidetsa nkhawa ndi kusadya kwake. Achemwali, wolakwiridwa ndiye anapepesa. Ine pakamwa panauma gwa, ndinangomukonzera pilo.

Mwana wake abwera Loweruka kudzatenga zovala, ndipo wanena kale kuti akufuna kudzandithokoza. Ndaganiza zomuuza zonse, ngakhale ntchito ithere pomwepo. Musandiletse, chonde. Mungondipempherera kuti pakamwa pasadzaumenso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana, ndi azakhali. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Wamakani uja