Zimene Zinali M'thumba la Chrispine

Nancholi, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji ndi kutentha kwa ku Chikwawako? Mwendo uja wasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti madzi akuvuta pampopi.

Mtima ukhale pansi, mwana wanu Chrispine sali m'ndende. Anafika Loweruka ndi thumba, ine kusekerera kuti mlongo wanga wanditengera mbatata. Ndikuti ndimasule, thumba n'kugwedezeka! Amayi, inali ngaka yamoyo, itadzipinda ngati nkhata. Anaulula kuti amalume a Stafford anaigwira m'mphepete mwa paki yosungira nyama ija, n'kumutuma kuti akaipereke kwa munthu wina ku Limbe.

Kuno ogwidwa ndi ngaka amakhala kundende zaka, amatuluka ana atakula. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti mlamu Alefa abereke iye akuseweza. Iye kumangoti amalume akakwiya. Ndinamulalatira mpaka aneba anasuzumira, pakamwa panga mukupadziwa.

Ndinawauza abwana anga a ku Namiwawa, ndipo iwo anaimbira foni a zanyama zakuthengo m'malo mwathu. Ine ndi Chrispine tinapita nayo ngakayo kuofesi yawo. Anamufunsa mafunso tsiku lonse, koma poti anaibweretsa yekha isanagulitsidwe, anangomuchenjeza. Kanyamako anakapatsa madzi, akuti kakalimba akakabweza kuthengo. Titatuluka panja ndinalira ngati mwana, chifukwa cha chimwemwe.

Ndikudziwa kuti njovu zinatidyera mapira, ndipo njala imapweteka. Koma mjigo umene mukutungapo uja unabwera ndi paki yomweyo, ndipo uchi wa gulu la Alefa amagula ndi alendo odzaona nyama. Tikazimaliza nyamazo, adzabwera kudzaona chiyani, nkhope ya amalume?

Pempho langa ndi limodzi. Chrispine abwera Lachitatu, ali ndi manyazi. Musalole kuti wina amutche wamantha. Amalume akabwera kudzafunsa katundu wawo, muwakhazike pamkeka, muwauze kuti inu mlongo wawo munabereka mwana wamwamuna mmodzi yekha. Iwo ali nawo anayi, koma sanatumepo ndi mmodzi yemwe. Muwafunse chifukwa chake.

Moni kwa bambo, azakhali, mlamu Alefa ndi mimba yakeyo, ndi onse a kutchalitchi.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Hilda