Fomu Imene Inafunsa Makilo

Area 25,
Lilongwe.
10 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali a Edith,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse kumeneko ku Nkhudzi. Kodi mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Sabata yatha pa foni anandiuza kuti ali bwinobwino, koma mawu awo ankamveka otopa. Ndiuzeni inuyo mmene alili. Ine kuno m'thupi ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi la Lilongwe chimene chimandigwira chaka chilichonse mwezi ngati uno. Madzi kwathu kuno akumabwera mbandakucha basi, moti ndagula ndowa yachitatu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni muli nayo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumandidula mawu. Ndikangoyamba kudandaula, inu mwayamba kale kundiseketsa, bandulo n'kutha ndisananene chimene ndimafuna. Pepala simungalidule pakamwa. Ndapatsira Olivia, mwana wa a Jenkins, amene akubwera kumeneko Lachinayi.

Ndamva kuti ku tchalitchi mumauza anthu kuti mng'ono wanu ndi amene amakonza Intaneti ya dziko lonse. Chonde, chepetsaniko. Ine ndimamanga mawebusaiti, ndipo webusaiti ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi imene munthu amaona pa foni: mabatani, zithunzi, malo olembapo. Ina ndi ya kuseri, imene saiona. Kumeneko kuli seva, kompyuta ina ya kutali yolandira zimene walemba, ndi detabesi, mmene zinthuzo zimasungidwa mwadongosolo kuti mawa zipezeke. Ambiri amasankha mbali imodzi, koma ine ndinaphunzira zonse ziwiri. Ndinatha zaka zitatu ndikulimbana ndi zilankhulo za kompyuta, kuphunzira kuteteza mapasiwedi a anthu, ndi kusaka kacholakwika kamodzi m'mizere mazanamazana mpaka maso kufiira. Ndinkaganiza kuti ntchito yonse yathera pamenepo.

Paja mukudziwa kuti pa kampani pano anandilemba miyezi isanu ndi umodzi yoyeserera. Ikutha pa 30 mwezi uno. Akapanda kundisainira ina, mundiona ndikutsika minibasi ndi chikwama, kudzakuthandizani kutembenuza usipa pa thandala. Sindikuseka ayi. Pali chimene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna muchimve kwa ine mwini.

Mu Juni kampani yathu inapatsidwa ntchito ndi bungwe lina loona za usodzi. Ankafuna fomu ya pa foni yoti asodzi ndi ogula nsomba azilembapo zimene zafika pa doko tsiku lililonse, kuti zidziwike ngati nsomba zikuchepa m'nyanja. Pa msonkhano woyamba, a Allan, amene ndi mkulu wa ife olemba mapulogalamu, anajambula fomuyo pa bolodi. Ndi bambo a imvi, anayamba ntchitoyi ine ndili ku pulayimale. Fomu yawo inkafuna kuti munthu alowe ndi imelo, alembe dzina la pa chitupa, asankhe mtundu wa nsomba pa mndandanda wa Chingerezi, kenako alembe makilogalamu.

Achemwali, makilogalamu! Inu mwagula usipa zaka khumi ndi zisanu. Munaonapo sikelo pa mchenga paja? Ife timayeza ndi chigoba ndi ndowa, n'kumakangana ngati chadzaza mosefukira kapena ayi. Nanga alamu a Simioni imelo ali nayo? Boti lawo lonse limadalira foni imodzi, ndipo alovi ena, ogwira ntchito m'botimo, maina awo a pa chitupa amawadziwa ndi amayi awo okha. Netiweki nayo, masiku ena mpaka ukwere pa mwala. Zonsezi zinandibwerera m'mutu a Allan asanatsitse n'komwe cholembera.

Atamaliza anafunsa ngati pali wina amene ali ndi funso kapena akuona vuto. Ine ndinayang'ana pansi. Kwathu munthu wamkulu akafunsa choncho ndiye kuti nkhani watseka. Amafunsa mwaulemu, nawe umayankha mwaulemu pokhala chete. Ndinalinso wamng'ono pa onse, wobwera kumene. Ndipo ndivomere china, ngakhale chikundichititsa manyazi kulemba: sindinkafuna kuti mu ofesi muja andidziwe ngati mtsikana wa usipa.

Mukukumbukira malemu abambo maso atayamba kufooka? Ankaumirirabe kusoka ukonde wa chilimira okha, n'kumasiya mabowo olowa mutu wa munthu. Palibe anawauzapo. Alamu ankadikira kuti abambo apite ku mapemphero, n'kusokanso malo onsewo mwakachetechete. Abambo anatisiya akukhulupirira kuti ukonde wawo sunatayepo nsomba. Inenso ndinachita chimodzimodzi. Ndinamanga fomu monga anajambulira, koma m'munsi mwake ndinaonjezera kabokosi koti munthu alembemo zigoba, osauza aliyense. Tsono ku ntchito kwathu, zimene walemba zisanalowe mu pulogalamu yeniyeni, mnzako amayamba waziwerenga. A Allan anakapeza kabokosiko. Anaona kuti pa pulani palibe, ndipo chifukwa chokaikirapo sichinalembedwe paliponse, ndiye anandifunsa ngati kali ndi ntchito. Ndinayankha kuti ayi, ndimangoyeserera. Anakachotsa.

Fomu inatuluka yokongola kwabasi. Inkatseguka msanga, sinagwepo ngakhale kamodzi, ndipo detabesi yake ndinaikonza mwaukhondo moti ndinkanyadira ndekha. A bungwe anakaiyesa pa madoko awiri kwa masabata atatu. M'masabata onsewo munalowa malipoti khumi ndi limodzi. Asanu ndi anayi analemba ndi mlangizi wa bungwelo yekha, poonetsa anthu kagwiritsidwe kake. Pa awiri otsalawo, wina analemba 40 pa malo a makilo, ndipo atamufunsa anati amatanthauza ndowa.

Lachisanu lapitali a Nadia, eni kampani, anatiitana tonse. Anafunsa ngati pakati pathu pali wina amene anafikapo pa doko maboti akufika. A Allan anatembenuka, nati paja ine ndine wa ku Mangochi. Apo ndinalibe kothawira. Ndinafotokoza zonse, za chigoba, za foni imodzi, za maina, za manja onyowa amene sikirini imawakana. Ndinalankhula mphindi khumi osapuma, mwina kuposa mawu onse amene ndalankhula mu ofesimo chilowereni. Nditamaliza, a Nadia anandifunsa kuti zimenezi ndinazidziwa liti. Ndinati kuyambira tsiku la pa bolodi lija.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati zimene ndinalemba mu pulogalamu zilibe vuto, koma anthu odziwa kulemba mapulogalamu atha kuwapeza khumi mawa lomwe. Chimene ankasowa ndi munthu wodziwa za pa doko, ndipo munthuyo anali m'chipinda momwemo miyezi yonseyi atatseka pakamwa.

Amene anandigwetsa misozi ndi a Allan. Titatuluka anandiuza kuti iwo akafunsa ngati pali vuto amakhala akufunsadi, chifukwa nyanja anangoiona kawiri, ali pa holide. Anati ndinawasiya kuti akachite manyazi pamaso pa kasitomala, ndipo ngati umenewo ndiwo ulemu, iwo sakuufuna. Achemwali, zinandilasa mtima. Sindinaganizepo kuti kukhala chete kwanga kungapweteke munthu yemwe ndimamulemekezayo.

Ndakhala ndikulingalira zimenezi masiku onsewa, ndipo sindikunyoza mmene tinaleredwera. Kwa abambo zinali zoyenera. Ukonde unasokedwa, mtima wawonso unasungidwa. Koma ukondewo alamu ankaudziwa kuyambira uku mpaka uko, ndipo ankatha kuumaliza okha. Pulogalamu timamanga anthu asanu, aliyense atagwira kachigawo kake, ndipo chimene wasunga m'mutu mwako anzako sangachilote.

Ndiye pano ndili pa sukulu ina imene palibe anandiuzapo kuti iliko. Ndikuphunzira kufunsa kasitomala mpaka nditamvetsa, osati kugwedeza mutu kuti asandione ngati mbuli. Ndikasintha kanthu ndimalemba chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo asakachotse. Ndikaona kuti sindimaliza pa tsiku limene tinapangana, ndiyenera kunena Lolemba, osati kudikira Lachisanu masana. Chovuta kuposa zonse ndi kuuza wamkulu kuti apa mwalakwitsa. Dzulo ndinayesa kwa a Allan pa kanthu kakang'ono. Iwo anangoti zikomo, n'kukonza, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo. Ndinatuluka thukuta pachabe.

A Nadia andipatsa mpaka pa 25 kuti ndimangenso fomuyo, ndipo ulendo uno wotsogolera ndine. Tsiku limenelo a bungwe adzabwera kudzaiona. Akaikana, kampani itaya ntchitoyo, ndipo ine sindingayembekezere kuti andisunga.

Ndayamba kale. Imelo ndachotsa, munthu azilowa ndi nambala ya foni. M'malo mwa dzina la pa chitupa azilemba dzina la boti. Nsomba ndaika zithunzi ndi maina athu omwe: usipa, utaka, kambuzi, mcheni, chambo, kampango. Kuyeza ndi chigoba, ndowa kapena dazeni, ndipo zosintha kuti zikhale makilo izichita yokha seva kuseri kuja, msodzi asavutike nazo. Netiweki ikasowa, foni izisunga zimene walemba, n'kutumiza ikaipeza. Mabatani ndakulitsa, chifukwa ndimakumbukira zala za alamu.

Komabe ndili ndi mantha. Ine pa doko ndinachoka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo pobwera pa Khirisimasi ndimangodutsapo nditavala nsapato. Zimene ndikudziwa mwina n'zakale. Choopsa n'chakuti mu ofesi muno ndasanduka katswiri wa nyanja. Chilichonse ndanena, onse akungovomera, ngakhale a Allan amene. Ndikalakwitsa pano palibe angandigwire dzanja, chifukwa palibe akudziwa kuposa ine. Odziwa ali kwanuko.

Pempho langa ndi limodzi. Lachisanu ndidzatumiza linki pa foni yanu. Loweruka m'mawa, maboti akamafika, muitsegule ndi kulemba nsomba zimene mwagula, pomwepo pa mchenga, manja asanaume, dzuwa likuwomba pa sikirini. Osati kunyumba mutasamba, mutakhala pa mpando. Mukatero mupatse foniyo a Matilda, anzanu a thandala loyandikana nanu aja, alembe zawo. Ndawasankha dala, chifukwa mayi amene uja sanayamikirepo chinthu chibadwire. Musawafotokozere kanthu, musawalozere batani, ngakhale atakutukwanani. Inu muzingoyang'ana pamene aima, pamene akwinya nkhope, ndi mawu amene awasokoneza. Akabweza foni asanamalize, chimenecho ndiye ndikufunitsitsa kudziwa.

A Matilda sindikuwadera nkhawa. Nkhawa yanga ndinu. Nsapato zimene ndinakugulirani chaka chatha munandiuza kuti zakukwanani ngati anachita kukuyezani. Ruti wanu ndiye anandiululira kuti munavala kamodzi kokha, ndipo pochokera ku tchalitchi munazinyamula m'manja, zidendene zitatupa. Nthawi imeneyo ndinaseka mpaka misozi. Lero ndikuona kuti matenda amene andifikitsa apawa ndi a pa banja, ndipo inu muli nawo aakulu kuposa anga. Kuyambira ndili mwana, chilichonse chimene ndapanga kwa inu chimakhala chabwino. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, ndipo chandinyamula m'malo ambiri ovuta. Koma Loweruka lokhali chikandiphera ntchito.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwendowo akaonetse ku chipatala, asadikire kuti ndibwere ndidzawakoke. Moni kwa alamu a Simioni ndi alovi awo onse, kwa azakhali ku Mponda, kwa amalume ndi banja lawo ku Chiponde, ndi kwa amayi a kwaya amene amandipempherera. Ruti ndi Tony muwauze alimbikire sukulu, ndipo Ruti musamukalipire za nsapato zija. Za ntchito yangayi amayi musawauze kaye, kufikira pa 25 patadutsa.

Ndidzaimba Loweruka masana, bandulo nditagula yokwanira. Mukadzayankha, musadzayambe ndi kunena kuti mwana wa amayi wachita bwino. Mukadzatero ndidzadula foni, ndiimbire a Matilda. Mudzayambe ndi pamene chala chanu chinaima, ndipo ndikadzakhala chete kwa kanthawi musadzafewetse mawu, ndidzakhala ndikulemba.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Tiyanjana