Chilolezo cha Abambo

Mae Sariang,
Lachinayi, 14 Juni

Okondedwa Achemwali Fongkham,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene mukuwafuna. Mukawawerenga mupuma kaye, kenako muyamba kundikalipira. Kalipani, ndalakwadi. Foni ndinaithimitsa dala tsiku lomwe ndinachoka ku Ngao, musanamizire mapiri. Ndikulemba nditakhala pabenchi pokwerera basi, chikwama chili pakati pa miyendo. Basi ziwiri zandidutsa kale chifukwa sindinathe kusankha yokwera.

Ndinakuuzani kuti ndikukayenda ndi anzanga a kuyunivesite ndisanamete. Linali bodza. Ndinanyamuka ndekha, ndipo ndinapita kukafuna Abambo.

Chonde musang'ambe kalatayi musanafike kumapeto.

Mukudziwa kuti pa 1 Julayi ndikumeta mutu ndi kuvala mkanjo wachikasu kuti ndikhale monke nyengo yonse ya mvula. Amayi akhala akudikira tsikuli kuyambira ndili kusekondale. Amati iwo ndi mkazi, sangavale mkanjo, ndiye adzagwira m'mphepete mwa mkanjo wa mwana wawo kuti uwakokere kumwamba. Aitana mudzi wonse, ophika apezeka, oimba ng'oma auzidwa. Ine sindikukana, ndikufuna kuwachitira zimenezi. Chandivuta ndi funso limodzi. Mwa mafunso amene amonke amafunsa munthu asanamulandire, lilipo lija lakuti, “Kodi amayi ndi abambo ako akulola?” Nditawafunsa Amayi kuti ndidzayankhe bwanji, sanasiye n'komwe kusenda adyo. Anati, “Udzangoti inde. Munthu amene anasankha njovu n'kusiya ana ake alibe pakamwa pa nkhaniyi.” Ndinavomera. Koma nthawi zonse ndikamaloweza mayankho kukachisi, ndikafika pamenepo ndimaima. Ndinkaona ngati ndikuyamba umonke ndi bodza, pamaso pa Amayi omwe, atanyamula mkanjo m'manja.

Mwina munthu wina sakanavutika nazo. Mumanena nokha kuti ine ndimatha kuganizira dzira mpaka kuola.

Ndinalibe chondilondolera, kupatula mawu aja Amalume Khamsaen ananena kalekale ataledzera, akuti Abambo anaonedwa kumadzulo, kwa anthu a mtundu wa Akareni, akadali ndi njovu yawo ija, Bunma. Ndinakwera basi mpaka Mae Chaem, kuchokera pamenepo ndayenda kwambiri wapansi. Mvula yayamba msanga kuno. Misundu yandidya miyendo mpaka masokosi onse awiri ndataya. Ndinafika pamalo atatu osungirako njovu zopuma pantchito, ndikuonetsa kachithunzi ka Abambo ndi Bunma kaja ndinaba mu bokosi lanu la mabatani (inde, ndinali ine). Pamalo ena alendo ankasambitsa njovu imodzimodzi katatu pa tsiku, njovuyo ili phee ngati gogo amene watopa ndi adzukulu. Palibe amene anawazindikira Abambo. Munthu wa pachithunzipo ali ndi tsitsi lakuda, ndipo papita zaka makumi awiri.

Ndinkagona m'makachisi. Ukasesa masamba ndi kutsuka mbale, amakupatsa mphasa ndi mpunga wotsala. Koma palibe pamene ndinatha kugona kawiri. Ndikafika pamalo, ndimafuna kuchoka. Ndikachoka, ndimadzifunsa chimene ndachokera. M'nkhalango yotetezedwa ina anyani a manja ataliatali aja ankaitanizana kutacha, ndipo m'malo moima kuti ndimvere, ndinapeza kuti ndawonjezera liwiro ngati ndine amene akundiitana.

Chakufupi ndi Khun Yuam ndinapeza kakachisi pamwamba pa phiri, muli monke mmodzi yekha wokalamba ndi agalu asanu. Ndinamupeza akumanga paipi ya madzi ndi mphira. Anandipatsa mbali ina kuti ndigwire, ndipo ndinamufotokozera zonse, sindikudziwa chifukwa chake.

“Kuyunivesite unaphunzira chiyani?” anandifunsa.

“Za nthaka, agogo.”

“Zaka zingati?”

“Zinayi.”

“Zaka zinayi kuphunzira dothi, koma kukhala pansi kukukanika!” Anaseka mpaka kutsokomola. “Tamvera, mdzukulu wanga. Bambo akathawa ana, mawu a mayi amakwana. Monke aliyense akanakuuza zimenezo kwanu komweko, osataya masokosi. Lamulo silinakutume. Miyendo yakoyo ukuituma wekha.”

Ndinachita manyazi, Achemwali, chifukwa ndikuganiza kuti ndinkadziwa kale. Ndinamuonetsabe chithunzi. Sanayang'ane nkhope ya Abambo, anayang'ana njovu. Anati khutu long'ambikalo akulidziwa, ndi la njovu yakhungu ya Intha (anatchula dzina la Abambo ngati la mnansi wake), kuseri kwa phiri lachiwiri, ulendo wa tsiku ndi theka. Kenako anati, “Gwira bwino paipiyo, ukundinyowetsa.”

Abambo ndinawapeza Loweruka masana, m'mphepete mwa kamtsinje, kumunsi kwa malo ang'onoang'ono osungirako njovu zisanu ndi imodzi. Ndi munthu wamfupi, Achemwali. Ine ndinkakumbukira chimphona. Tsitsi lonse ndi loyera, msana wapindika. Anali atakhala pachitsa akuumba mipira ya mpunga womata wosakaniza ndi nthochi ndi bwemba, chifukwa Bunma mano anatha, udzu sautha. Maso ake onse awiri ndi oyera ngati madzi otsukira mpunga.

Atandiona ndi chikwama anati, “Alendo amalowera kumtunda uko.”

“Ndine Wichan,” ndinatero.

“Wichan wake uti?”

“Mwana wa Saengla. Wa ku Ngao.”

Manja awo anaima pang'ono, kenako anapitiriza kuumba. “Wakula,” anatero. “Tenga uwu umupatse. Uyambe walankhula kuti adziwe pomwe uli, ungapondedwe.”

Kulandirana kwathu kunathera pomwepo. Ndinakhala nawo masiku anayi. Ndinadula nsungwi, ndinawola ndowe, ndinagona pakhonde la kanyumba kawo. Alibe mkazi wina, ngati mukufuna kudziwa. Ali ndi mphika umodzi, bulangeti, ndi wailesi yosagwira. Sanafunse kalikonse, ine sindinanene kalikonse. M'mapiri monse muja ndinkakonza mawu oti ndidzawauze. Ndinali ndi ndime zitatu: za Amayi akugulitsa ndiwo pamsika mvula ikuwathira, za inu kusiya sukulu kuti ine ndiphunzire, za ine. Ndinkadikira kuti apepese kaye. Ndinkaganiza kuti akapepesa ndidzawasiya avutike pang'ono, kenako n'kuwakhululukira mwaulemu ngati munthu wophunzira.

Tsiku lachitatu ndinatopa n'kudikira. Ndinati, “Abambo, ndikumeta mwezi wamawa. Ndabwera kudzapempha chilolezo chanu.”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Ndiye wabwera chimanjamanja? Kwanu anasiya mwambo? Wometa amabwera ndi maluwa, amagwada, amapepesa akuluakulu ake. Kapena kuyunivesite anakuphunzitsani kupempha mutaimirira?”

Ine ndiwapepese iwo! Ndinanyamula chikwama n'kuyamba kukwera njira ya kumtunda. Ndinafika mpaka pakhitchini ya malowo, pomwe Mayi Naw Mu, amene amaphikira antchito, ankawaza nkhuni.

“Mwana wa Intha, wathawa kale?” anatero. “Magazi sanama. Koma bambo ako ankathawa ndi njovu, iwe ukuthawa ndi kachikwama.”

Anandiyang'ana, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kandulo ndi timitengo titatu ta lubani. “Tsamba la nthochi udule wekha. Maluwa ali kuseri kwa chimbudzi, sadziwa kuti amera pati.”

Ndinabwerera, koma musaganize kuti mtima unali utafewa. Ndinkangofuna mawu amodzi aja kuti ndizipita. Ndinapinda tsamba monga Amayi anatiphunzitsira, ndinaikamo maluwa, kandulo ndi lubani. Abambo anakhala pachitsa chawo. Ndinagwada m'matope, ndinawasambitsa mapazi ndi madzi a mumtsinje. Zidendene zawo n'zong'ambika ngati munda wa m'chilimwe. Kenako ndinayamba mawu aja tonse timawadziwa: “Chilichonse chimene ndinakulakwirani, ndi thupi, ndi pakamwa, kapena mumtima, modziwa kapena mosadziwa…”

Ndinkati ndingowanena ngati nyimbo. Koma pa mawu akuti “ndi pakamwa” ndinakumbukira kuti kuyambira ndili sitandade 2 ndakhala ndikuuza aliyense kuti bambo anga anamwalira. Ndinauza aphunzitsi, anzanga, ngakhale mtsikana uja ndinkafuna kukwatira. Ndinawapha pa fomu iliyonse imene ndinalemba. Ndipo mumtima, Achemwali, ndinkafuna kuti zikhale zoona, chifukwa bambo wakufa sachititsa manyazi. Ndinabwera kuti munthu andipepese, n'kupeza kuti mawu opepesawo akundikwana ine ngati malaya osokedwa pa thupi langa. Ndinamaliza movutika.

Anaika dzanja pamutu panga. Linkanunkha bwemba. Anati, “Ndakukhululukira. Ndakulola. Pita ukamete.”

Ndinakhalabe chogwada. Ndinkadikira mbali yawo. Bunma ankapumira pamwamba pathu. Ndinawerenga mpweya wake mpaka khumi.

“Madzi akowa ndi ozizira, iwe,” anatero, n'kuchotsa mapazi.

Sanapepese. Ndikulemba momveka kuti musayembekezere zimene kulibe. Sindikudziwa ngati analephera kapena saona cholakwa. Ndayesa kuganizira mbali zonse ziwiri m'njira monse, ndipo palibe imene yandikhazika mtima pansi.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. M'mawa mwake, ndikumanga chikwama, pakamwa panga panalankhula pasanandifunse. Ndinati, “Pozungulira kachisi, mayi amanyamula mkanjo, bambo amanyamula mbale yolandirira chakudya. Mubwere mudzanyamule mbale yanga.”

“Nanga uyu adya kwa ndani?” anatero, akuloza Bunma. “Wina akamupatsa amalavula.”

“Kwa ine anadya.”

“Chifukwa ine ndinali pompo.”

“Ndi masiku awiri okha, Abambo.”

“Amayi ako adzandithira madzi otentha.”

“Mwina,” ndinatero, chifukwa sindikanawanamiza.

Anaseka pang'ono. Sanati inde, sanati ayi. Koma tsiku analifunsa kawiri, ndipo kachiwiriko analilemba ndi khala pa mtengo wa pakhonde.

Ndikudziwa kuti ndinalibe ufulu wowaitana. Mwambowu ndi wa Amayi. Iwo ndi amene anaugwirira ntchito, pamodzi ndi inu, ndipo mbale munagwirizana kale kuti adzanyamula Amalume. Ndinachoka kwathu kukafuna chilolezo chimene palibe anandituma, ndipo tsopano ndikuopa kuti pochipeza ndataya chimene ndinali nacho kale. Amayi akamva kumene ndinali, akhoza kunena kuti, “Poti uli ndi bambo, akumete yekha.” Akatero sindidzavala mkanjo, chifukwa popanda mawu awo sindingayankhe funso lija, ndipo nthawi ino monke aliyense adzagwirizana nane. Ndikaganiza za iwo akubweza ophika, akufotokozera mudzi wonse, ndimaopa kufika kwathu. N'chifukwa chake basi zikundidutsa. Ina imapita kumpoto, kumene kuli mapiri ena oti munthu n'kusoweramo mpaka Julayi atadutsa. Ndinaimirira itafika, sindikubisirani.

Koma ndakhala pansi. Ya ku Chiang Mai ikubwera 2 koloko, ndipo ndikwera imeneyo. Ndikagona masiku asanu kukachisi wa kufupi ndi yunivesite kuti kalatayi iyambe yafika, chifukwa ndine wamantha ndipo ndikufuna munthu mmodzi m'nyumbamo akhale atakwiya kale n'kupola. Ndifika Lachiwiri.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Choyamba, Amayi musawauze. Muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikubwera, basi. Zinazo ndidzanena ndekha, nditagwada, ndi maluwa m'manja, ndipo chimene adzayankhe ndidzachilandira. Mundidulireko tsamba la nthochi labwino, la kuseri kwa nkhokwe. Chachiwiri, ngati Amayi adzandilolebe, Amalume anyamule mbale monga munakonzera. Koma tsikulo mukadzaona nkhalamba yaifupi itaima pageti la kachisi, yonunkha njovu, ikuopa kulowa, musadzaithamangitse. Sindikuti mudzailankhule. Mudzangotuma munthu akaipatse madzi akumwa. Mwina sidzabwera n'komwe.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsapato zawo zija ndazimaliza. Moni kwa Amalume Khamsaen, koma musawauze kuti mowa wawo ndi umene unandilondolera njira. Amayi muwaphikire phala la mpunga m'mawa, ndikudziwa kuti akakhala ndi nkhawa sadya.

Abambo sanapereke moni kwa aliyense. Ndinawafunsa kawiri, ndikuganiza kuti mwina sanamve. Anandiperekeza mpaka pa mlatho wa nsungwi. Nditawoloka, anandiitana. Anafunsa ngati chipsera cha pachibwano panu chinatha, chija munavulala mutagwa pamsana pa Bunma muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anati iwo ndi amene anakukwezani, Amayi atakaniza. Ndinawauza kuti chikadalipo. Anagwedeza mutu, anagwira chibwano chawo, n'kubwerera kwa njovu yawo.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Wichan